Nsomba Zachilendo ndi Mitsinje ya kwa Makanjira

Akuluakulu akale anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti mlendo sakhalitsa: afika madzulo, agona, ndipo dzuwa likakwera wapita, chotero mwini nyumba asamuwerengere chakudya. Mwambi umenewu ngwoona pa anthu, koma pa nsomba sugwira ayi. Nsomba yochokera kwina ikaikidwa mumtsinje, niipeza madzi oiyanja, siichokanso. Iswana, ana ake naswananso, ndipo patapita zaka eni mtsinje aja ndiwo asanduka ngati alendo. Nkhani ino ifotokoza m'mene zimenezi zichitikira, ndiponso chifukwa chake mphunzitsi wokagwira ntchito kumadera a kunyanja, monga kwa Makanjira, ayenera kuzidziwa bwino.

Dziko la Makanjira ndi mitsinje yake

Dera la mfumu Makanjira lili m'boma la Mangochi, kugombe la kum'mawa kwa Nyanja ya Malawi, makilomita ngati 100 kumpoto kwa boma. Ndi dziko lopapatiza, pakuti kumadzulo kuli nyanja ndipo kum'mawa kuli mapiri a m'malire a Mozambique. Anthu ake ambiri ndi Ayao, ndipo moyo wawo udalira munda ndi ukonde. Munthu woyenda pamsewu wochokera ku Mangochi kudzera ku Malindi aoloka mitsinje ingapo, monga Lungwena, Unga ndi Lugola. M'chilimwe mitsinje ya kuderali ichepa madzi, ina nitsala mchenga ndi zithaphwi. Koma m'dzinja idzaza mwadzidzidzi, nithamanga ndi mphamvu yogumula milatho.

Wongodutsa angayese kuti mitsinje yotere ilibe gawo pa nkhani ya nsomba, popeza nsomba zambiri zigwidwa panyanja. Koma msodzi adziwa kuti nsomba zina zimene azigwira panyanja zinabadwira mumtsinje. Mvula yoyamba ikagwa, madzi ofiira nayamba kuthira m'nyanja, milamba ikwera mitsinje kukaikira mazira m'maudzu omizidwa. Matemba achita chimodzimodzi, ndipo iyi ndiyo nyengo imene anthu atchera miono m'makwawa. Ntchila, imene m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri kumwera kwa nyanja, nayonso iswana m'mitsinje yosefukira. Mpasa ndi sanjika zidikira kuti madzi ayere, ndipo pamenepo ziikira mazira pa timiyala ta pansi pa mtsinje; mpasa idziwika makamaka m'mitsinje ikuluikulu ya kutsidya, monga Bua ndi Linthipe. Pamathiriro a mitsinje, pamene pamera bango ndi udzu wa m'madzi, ndipo pobisalira ana a chambo ndi a makumba kufikira atakula. Motero mtsinje uli ngati chikuta cha nyanja. Komanso uli ngati khomo, pakuti cholowa mumtsinje kumtunda, tsiku lina chidzafika kunyanja.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Akatswiri awerenga mitundu yoposa 800, ndipo yochuluka mwa iyo siipezeka kwina kulikonse. Chimene chinasunga chuma chimenechi ndi mpanda wachilengedwe. Nyanjayi ili ndi mtsinje umodzi wokha wotulutsa madzi, ndiwo Shire, umene uyambira pafupi ndi Mangochi, nudutsa m'nyanja ya Malombe ndi pa Liwonde, kenaka nugwa m'mathithi otsatizana, monga a Kholombidzo, Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nsomba za ku Zambezi zifika m'chigwa cha Shire ku Nsanje ndi ku Chikwawa, koma pafupifupi zonse zilephera kukwera mathithiwo. Kwa zaka zosawerengeka nsomba za kumtunda zinakhala pazokha, mtundu uliwonse nuzolowera chakudya chake, malo ake ndi adani ake. Koma chimene mathithi analetsa kwa nthawi yonseyo, munthu mmodzi wonyamula ndowa panjinga angachichite tsiku limodzi.

Nsomba yachilendo ndi iti?

Nsomba yachilendo ndi iliyonse imene yafika m'madzi ena ndi dzanja la munthu, osati ndi mphamvu zake. Siichita kuchokera kutsidya kwa nyanja zamchere kuti itchedwe yachilendo. Kum'mawa kwa mapiri a m'malire madzi ayenda njira ina: atsikira ku Lugenda, nakathira mu Rovuma, ndi kukafika kunyanja yamchere osakhudza Nyanja ya Malawi. Nsomba yotengedwa kumeneko ndi kuikidwa mu Lugola ndi mlendo ndithu, chinkana ulendo wake unali waufupi. N'chimodzimodzi makumba a ku Chilwa: maonekedwe ake afanana ndi a makumba a mu Shire ndi m'Nyanja ya Malawi, koma akatswiri awasiyanitsa, chifukwa akhala padera nthawi yaitali.

Anthu osamutsa nsomba kawirikawiri sakhala ndi mtima woipa. Ena afuna nsomba ya masewera owedza ndi mbedza. Ena afuna yokula msanga yoweta m'maiwe. Ena afuna kudzaza damu latsopano. Enanso agulitsa nsomba zokongola kwa anthu a kunja ozisunga m'zotengera zagalasi. Onsewa akhulupirira mwambi wina uja wakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nthawi zina mwambiwo upherezeka. Damu la Kariba litamangidwa pa Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, panabadwa nyanja yaikulu imene pakati pake panali posowa nsomba, popeza nsomba za mumtsinje zinakonda m'mphepete. Mu 1967 ndi 1968 anatenga kapenta ku Nyanja ya Tanganyika namuika m'Kariba. Kapenta anaswana, nakhala ndiwo ndi malonda a mabanja ambiri ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Komatu ngakhale pa nkhani yokoma imeneyi pali phunziro, pakuti kapenta sanakhale pamene anamuika. Anatsika ndi madzi a Zambezi, nakakhazikika m'damu la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Woika nsomba m'madzi asankha tsiku ndi malo olowera, koma kumene idzathere sasankha ndiye.

Njira zisanu zimene nsomba yachilendo ionongera

Njira yoyamba ndiyo kudya eni madzi. Chitsanzo chodziwika pa dziko lonse n'cha Nyanja ya Victoria, imene ili pakati pa Uganda, Kenya ndi Tanzania. Nyanja imeneyi inali ndi mitundu ngati 500 ya tinsomba ta fuko limodzi ndi utaka, kambuzi ndi mbuna. M'zaka za m'ma 1950 anaikamo nsomba yolusa yotchedwa Nile perch, imene Aswahili aitcha sangara, ndipo ingathe kulemera kupitirira makilogalamu 100. Kwa zaka zoposa 20 nsombayi inali yapatalipatali, kotero kuti ambiri anati oichenjeza aja anangochita mantha achabe. Koma m'zaka za m'ma 1980 inachuluka mwadzidzidzi, ndipo mitundu ngati 200 ya tinsomba tija inazimirira. Kuda kwa madzi ndi kusodza mopitirira muyeso kunathandizirako. N'zoona kuti sangara inabweretsa ndalama, pakuti anamanga mafakitale otumiza minofu yake ku Ulaya. Koma kuigwira kufuna bwato lalikulu ndi ukonde wolimba, zimene wosauka alibe. Ndiponso n'njamafuta, siiuma padzuwa monga tinsomba tija, chotero ifuna kuwamba ndi nkhuni zambiri. Wophunzira asunge mfundo iyi: kufatsa kwa nsomba yachilendo m'zaka zoyamba si umboni wakuti n'njabwino.

Mumtsinje vuto lotere likula koposa, chifukwa malo othawirako ngochepa. Ku South Africa, mumtsinje wa Olifants wa m'chigawo cha Western Cape, anaikamo nsomba ya bass yochokera ku North America kuti anthu aziwedza mwa masewera. Tinsomba ta kumeneko, tonga matemba, tinalibe chizolowezi chothawa mdani wotere, ndipo tambiri tinatsala kumtunda kokha kwa mathithi, kumene bass inalephera kukwera.

Njira yachiwiri ndiyo kulanda chakudya ndi malo. Pali nsomba ina yotchedwa Nile tilapia, mbale wa chambo ndi makumba, imene kwawo ndi kumtsinje wa Nile ndi kumadzulo kwa Africa. Siilusa monga sangara, koma ikula msanga, idya zinthu zamitundumitundu, ipirira madzi oipa, ndipo yaimuna n'njaukali polimbirana malo omangapo zisa. Nayonso inaikidwa m'Nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950. Nsomba ya eni dziko yotchedwa ngege, imene anthu a kumeneko anali kuikonda monga Amalawi akondera chambo, inali itachepa kale chifukwa cha maukonde. Mlendoyu atafika inasoweratu m'nyanja yaikulu, nitsala m'tinyanja ting'onoting'ono ta m'mbali. Ku Kariba zinachitikanso motero kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene Nile tilapia inathawa m'malo owetera nsomba ndi kulanda malo a mbale wake wa mu Zambezi.

Njira yachitatu ndiyo kusakaniza mtundu, ndipo iyi n'njobisika kuposa zonse. Mlimi adziwa kuti akabzala chimanga cha makolo moyandikana ndi cha mtundu wina, mbewu ya chaka chamawa siikhala ya makolo yeniyeni. Nsomba za pachibale nazonso zitero. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 Nile tilapia inabwera ku Zambia kuti iwetedwe m'maiwe; pofika m'zaka za m'ma 1990 inali itapezeka mumtsinje wa Kafue chakufupi ndi Mazabuka, ndipo inayamba kuswana ndi abale ake a mumtsinjemo. Msodzi aona ukonde wodzaza, nayesa kuti zonse zili bwino, pamene mtundu wa makolo ulikutha pang'onopang'ono. Mlimi wa chimanga angathe kusunga mbewu yabwino padera ndi kuyambanso. Mtsinje ulibe nkhokwe yotere.

Zonga zimenezi zinachitikapo m'boma la Mangochi lomwe. Kutsidya kwa nyanja kuchokera kwa Makanjira, pafupi ndi mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, kuli chilumba cha Thumbi West. M'zaka za m'ma 1960 wamalonda wina wotumiza nsomba zokongola kunja anataya pachilumbapo mbuna zimene anazitenga kumpoto kwa nyanja. Mtundu umodzi, umene akatswiri autcha Cynotilapia afra, unakhazikika, nufalikira kuzungulira chilumbacho, ndipo ofufuza anapeza kuti unasakanizika ndi mbuna za pamalopo. Nsombazo zinali za m'nyanja yomweyi, koma pa Thumbi zinali alendo. Malowa anakhala gawo la Lake Malawi National Park mu 1980, koma lamulo la pambuyo silinathe kubweza zimene zinachitika kale.

Njira yachinayi ndiyo kuononga madzi. Nsomba ya carp, ya ku Asia ndi ku Ulaya, ifuna chakudya chake pofukula matope monga nkhumba ifukula m'dimba. Izula zomera za m'madzi, nidetsa madzi kotero kuti dzuwa sililowa pansi. Ku Australia nsomba imeneyi inafalikira m'mitsinje ya Murray ndi Darling pa madzi osefukira a m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'madera ena inaposa nsomba zina zonse pamodzi. Wodziwa kaswanidwe ka chambo aona msanga choopsa chake. Chambo chachimuna chikonza chisa pamchenga ndi kukopa chachikazi ndi maonekedwe ake. Mpasa ndi sanjika zifuna timiyala toyera kuti mazira apume. M'madzi amatope zonsezi zivuta.

Njira yachisanu ndiyo matenda. Nsomba yosamutsidwa siiyenda yokha: inyamula tizilombo pakhungu, m'makha ndi m'mimba, ndipo madzi a m'ndowa nawonso anyamula zawo. Pali matenda a zilonda za nsomba, oyamba ndi kachilombo konga chuku, amene kale anadziwika ku Asia ndi ku Australia. Mu Africa anaoneka koyamba mu 2006 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Mu 2020 anabuka ku Mchinji, m'maiwe ndi mumtsinje wa Bua, womwe uja uswanira mpasa, ndipo Boma linaletsa kunyamula ndi kugulitsa nsomba zochokera kumadera okhudzidwa. Matenda otere afala msanga pamene anthu asamutsa nsomba zamoyo ndi maukonde onyowa, ndiponso pamene madzi asefukira.

Zimene zachitika m'dziko la Malawi

Mlendo woyamba wodziwika bwino ndiye trout, imene inabwera mu 1906 kuti Azungu aziwedza pa masiku opuma. Inaikidwa m'mitsinje yozizira ya paphiri la Zomba, ndipo pambuyo pake ya pa Mulanje ndi pa Nyika. Nsombayi idya tizilombo ta m'madzi ndi tinsomba ting'onoting'ono, koma siingathe kukhala m'madzi ofunda, chifukwa chake sinatsike kumapiri. Chimene chinateteza nyanja si nzeru za oibweretsa, koma kutentha kwa madzi a kumunsi.

Carp inabwera mu 1976 kuchokera ku Israel, niwetedwa m'maiwe a m'chigawo cha kumwera. Alimi anaikonda chifukwa cha kukula msanga, koma mu 1992 Boma linaletsa kuifalitsa poopa kuti ingalowe m'Nyanja ya Malawi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunalinso mtsutso pakati pa akatswiri. Ena anafuna kuti kapenta aikidwe m'Nyanja ya Malawi monga ku Kariba, nati pakati pa nyanja pali chakudya chambiri chongothera m'mimba mwa mphutsi za nkhungu, tizilombo tija tiuluka pamwamba pa madzi ngati utsi. Anzawo anayankha kuti Kariba inali nyumba yatsopano yopanda mwini, pamene Nyanja ya Malawi ili kale ndi usipa, utaka ndi ncheni. Maganizo oika kapenta sanatsatidwe. Mu 1997 kunakhazikitsidwa lamulo la kasamalidwe ka nsomba, limene linaletsa kuika nsomba yachilendo m'madzi a dziko lino, kapena kusamutsa nsomba kuchoka m'madzi ena kupita m'madzi ena, popanda chilolezo.

Koma lamulo la dziko limodzi silikwana, pakuti mitsinje yothira m'nyanjayi ichokera m'maiko atatu: Malawi, Tanzania ndi Mozambique. Mu 2013 ofufuza analengeza kuti apeza Nile tilapia kumbali ya Tanzania, m'dera limene madzi ake atsikira ku Nyanja ya Malawi, kumene inaikidwa pofuna kutukula ulimi ndi usodzi wa nsomba. Kumwera nakonso kuli khomo lotseguka: nsomba yomweyi ili kale mu Zambezi, ndipo pakati pa Zambezi ndi madambo a kumunsi kwa Shire, kumene kukhala makakana, palibe mathithi oitsekereza. Dera la m'malire longa la Makanjira, kumene anthu aoloka tsiku ndi tsiku kukaona abale ndi kukachita malonda, liyenera kukhala maso koposa.

Pano m'pofunika kunena choona, kuti mphunzitsi asakaphunzitse zolakwa. Kuchepa kwa ntchila kuyambira m'zaka za m'ma 1960, kugwa kwa usodzi wa chambo ku Malombe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndi kuikidwa kwa chambo mu 2018 pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zimene zili pafupi kutheratu, zonsezi mwini wake si nsomba yachilendo. Zinadza chifukwa cha kusodza mopitirira muyeso, maukonde a maso ang'onoang'ono, kutseka mitsinje pa nyengo yoswana, ndi matope ochokera m'mapiri odulidwa mitengo. Koma mfundo yagona pomwepa. Ngege ya ku Victoria inagonja msanga chifukwa mlendo anaipeza itafooka kale, ndipo chambo nacho n'chofooka lero. Nsomba yochepa chifukwa cha maukonde ingathe kuchulukanso anthu akaipatsa mpumulo. Yolandidwa malo kapena yosakanizika mtundu siibwerera.

Chifukwa chake kuchotsa mlendo n'kovuta

Kodi nsomba yachilendo ikalowa, siingachotsedwe? Pali pamene zinatheka, koma m'pochepa. Mu 2012 ndi 2013 akatswiri a ku South Africa anathira mankhwala otchedwa rotenone, a mtundu umodzi ndi ululu wa m'masamba a ombwe, mumtsinje waung'ono wa Rondegat, umene uthira mu Olifants. Anapha bass yonse pa mtunda wa makilomita 4, ndipo tinsomba ta eni dziko tinatsika kuchokera kumtunda kwa mathithi ndi kudzazanso malowo. Zinatheka chifukwa kumtunda kunali mathithi osunga mbewu, kumunsi kunali khoma loletsa bass kubwerera, ndipo mtunda unali waufupi. Mitsinje ya kwa Makanjira n'njotseguka kunyanja, ndipo palibe mankhwala amene angasankhe mlendo m'nyanja yotalika makilomita oposa 500 ndi kusiya chambo. Kunena mwachidule, madzi akatayika saoleka.

Wofuna chitsanzo chooneka ndi maso ayang'ane namasupuni. Chomera chimenechi kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anachifalitsa m'maiko ambiri chifukwa cha maluwa ake okongola. Chinafika mu Shire m'zaka za m'ma 1960, ndipo ngakhale anthu alimbana nacho kwa zaka zambiri, sichinatheretu. Namasupuni ayandama poyera pamene aliyense amuona. Nanga nsomba yobisala pansi pa madzi?

Dandaulo la mlimi wa nsomba

Si bwino kunyoza mlimi amene afuna nsomba yachilendo, pakuti dandaulo lake n'lomveka. Nsomba za panyanja zakwera mtengo, ana ake afuna ndiwo, ndipo makumba a m'dziwe lake akula pang'onopang'ono, nayamba kuswana akali aang'ono kufikira dziwe lidzaza ndi tinsomba tosagulika. Amva kuti anzake a ku Zambia akolola nsomba zikuluzikulu pa miyezi yowerengeka, nafunsa chifukwa chake iye aletsedwa. Anganenenso kuti dziwe lake lili kutali ndi nyanja, ndipo khoma lake n'lolimba.

Yankho lili m'mvula. Madzi osefukira a mu January 2015, ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, anagumula milatho, misewu ndi nyumba m'chigawo cha kumwera. Khoma ladothi la dziwe silingapose mlatho. Dziwe lililonse lokumbidwa m'dambo lili pa njira ya madzi, ndipo madziwo apita kumtsinje. Nsomba ya pachibale ndi chambo isunga mazira m'kamwa, chotero yaikazi imodzi yokha yothawa ndi mazira ake ingathe kuyambitsa mtundu wonse. Phindu la dziwelo likhala la munthu mmodzi kwa zaka zowerengeka, koma chitayiko chigwera asodzi onse a m'mbali mwa nyanja ndi zidzukulu zawo. Njira yabwino ndiyo kuweta bwino nsomba za eni dziko, monga makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba: kutenga mbewu yosankhidwa kumalo ovomerezeka, monga kumalo a Boma a ku Domasi kapena kwa alimi amene alangizi awatchula, kuthira manyowa m'dziwe, kudyetsa mokwanira, ndi kupatula ana kuti nsomba zisapanikizane.

Ntchito ya mphunzitsi

Mphunzitsi wotumizidwa kwa Makanjira ayambe wakumbukira kuti iyenso ndi mlendo, ndipo ana a m'kalasi mwake adziwa nsomba kuposa iye. Ambiri a iwo kunyumba alankhula Chiyao. Nsomba aitcha somba, ndipo mtsinje autcha lusulo. Chidziwitso chimenechi asachiyese chopinga, koma maziko a phunziro.

Choyamba, asonkhanitse maina. Ana alembe maina onse a nsomba zimene azidziwa, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndi kuzigawa m'magulu: za panyanja, za mumtsinje, ndi zoyenda pakati pa ziwirizi. Kenaka akafunse agogo awo mwaulemu nsomba zimene zinali kugwidwa kale koma tsopano zisowa. Ntchito imeneyi ithandiza chinenero ndi sayansi pamodzi. Nsomba imene yakhala m'madzi a anthu kuyambira kale ili ndi dzina m'chinenero chawo, ndipo kawirikawiri asodzi adziwanso nyengo yake, nyambo yake ndi kaphikidwe kake. Chotero nsomba yaikulu ikagwidwa, akuluakulu a padoko nasowa dzina lake, chimenecho ndi chizindikiro choyenera kuchitsata.

Chachiwiri, aonetse njira ya madzi. Pabwalo la sukulu ana aumbe mapiri ndi dothi, nalembe mitsinje yotsikira kudzenje loimira nyanja. Pambali pa mtsinje umodzi akumbe kadziwe, naikemo mankhusu a mpunga. Mwana mmodzi athire madzi pamwamba pa mapiriwo monga mvula, ndipo onse aone kumene mankhusu akathere. Akatero mphunzitsi awauze kuti atole mankhusu onse m'dzenjemo osasiya ndi limodzi lomwe. Phunziro lotere siliiwalika msanga.

Chachitatu, aphunzitse zizindikiro. Nile tilapia ifanana ndi makumba, koma chipsepse chake cha kumchira chili ndi mizere yakuda yoimirira, yondondozana bwino. Carp ili ndi mamba akuluakulu ndi tindevu pakamwa monga kadyakolo, koma chipsepse chake cha pamsana n'chachitali kwambiri. Wogwira nsomba yokayikitsa asaibweze m'madzi, koma apite nayo kwa alangizi a za nsomba kapena kukomiti ya padoko. Nsomba ya zilonda isanyamulidwe kupita kumadzi ena. Ikwiriridwe kutali ndi mtsinje, ndipo alangizi auzidwe.

Chachinayi, sukulu ikafuna kukumba dziwe, mphunzitsi ayambe wakambirana ndi mafumu, makolo ndi alangizi. Dziwelo lisakhale pa njira ya madzi osefukira, ndipo asalandire mbewu ya nsomba kwa munthu wongodutsa, chinkana atailonjeza kuti ikula ngati mbuzi. Afunse dzina la nsombayo, kumene yachokera, ndi chilolezo chake.

Potsiriza, asamale zing'onozing'ono. Ana akabweretsa tinsomba m'botolo kuti aphunzirirepo, phunziro likatha atibweze pa chithaphwi chomwecho anatitenga, osati pa china chapafupi ndi sukulu. Mwana angafunse kuti pali kusiyana kwanji, popeza madzi ndi madzi. Funso limenelo ndilo khomo la phunziro lonse, ndipo mphunzitsi wokonzeka adzakhala ndi yankho lake.